Pampu ya Pamtengo wa Mango

Amuna anga, a Venâncio, anamwalira mvula itangotha. Anandisiyira mbuzi, msana wowawa ndi pampu ya njinga. Mbuzi ndinagulitsa. Msana ndinati ndipita nawo ku tauni ya Milange, kwa mwana wanga Gilda, amene ankafuna ndikakhale naye. Pampu ndiyo inandisowetsa mtendere.

A Venâncio anabwera nayo kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Anzathu anabwerako ndi mabulangete ndi mapoto, iwo pampu, chonsecho njinga analibe. Titamanga m'mbali mwa msewu wa ku Majaua, anaimangirira ndi waya pamtengo wa mango, poyambira chitunda. Pamenepo mpamene matayala amaphwera anthu opita kumalire ndi matumba a chimanga ndi nandolo. Munthu ankaima, kupopa, n'kumapita. A Venâncio ali phee kuseri kwa nyumba akusema mipini, osasuzumira n'komwe.

M'kati mwa pampu mumakhala kachikopa, ndipo kakatha pampuyo imangopuma ngati nkhalamba, mpweya osalowa m'chubu. Iwo ankadula kena, kukaviika m'mafuta anga ophikira, n'kukaikamo anthu asanayambe kudutsa. Zikopazo zinkachokera m'nyumba mwathu momwemu. Nsapato zawo zonse zinalibe malilime. Chikwama changa cha kutchalitchi ndinazindikira kuti chabooledwa korona itagwera m'matope. Ndinalalata mpaka mawu kusasa. Iwo anangoti, "Make Gilda, munthu wakankha thumba kuchokera kutali, ife tizingomuyang'ana?" Ankanditopetsa bambo amenewa, kunena zoona, koma ndinkawakonda.

Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anthu sankadziwa. Kwathu kuno chinthu chaulere chimakhala cha boma kapena cha pulojekiti, ngati mjigo. Ndiye aliyense ankangoti pampu ya boma. Ndikafuna kuulula, a Venâncio ankandiletsa. Ankati anthu akadziwa kuti ndi ya mlimi mnzawo ayamba manyazi, azingodutsa akukankha.

A Venâncio atadwala n'kugona pamphasa, kachikopa kanatha ndipo panalibe wosintha. Pofika tsiku la maliro pampu inali itafa kale. Anthu ankaima pamtengo n'kumatukwana boma, ine ndikumva ndili m'nyumba ndi chisoni changa.

Tsiku losamuka, Gilda anati, "Amayi, imasuleni tikagulitse kwa okonza njinga. Apa ingochita dzimbiri." Kugulitsa sindinkafuna. Kuisiya yakufa pamtengo, ndinkaona ngati ndikuwaika m'manda kachiwiri. Ndinalibe mphamvu zoti ndisankhe, ndinangokhala pamtolo wa zovala kudikira chapa, minibasi yathu ija yosadziwa nthawi.

Pamtengo panali amuna angapo akupuma. Kenaka anafika a Amândio, ogula nandolo, thukuta lili kamukamu, tayala lakumbuyo la njinga yawo litaphweratu. Anayesa kupopa, koma ayi ndithu.

"Boma ili!" anatero. "Kanthu kakang'ono ngati aka, kulephera kutumiza munthu?"

Mtima unandiphulika. "Boma lake liti? Boma lanulo tinaliika m'manda mwezi watha, ndipo inu a Amândio munadya nawo nyemba pamaliro pake." Ndinawauza zonse, za nsapato, za chikwama, za mafuta anga.

Wina amene sindimudziwa anafunsa, "Ndiye azikonza ndani tsopano?" Ndinafuna kumugenda ndi pampu yomweyo.

Chapa inafika, Gilda n'kuyamba kukweza katundu. Nditaimirira, ndinaona a Amândio akumasula lamba wawo, dzanja lina litagwira buluku kuti lisagwe.

"Mayi, musanakwere, ndionetseni mmene amuna anu ankadulira kachikopa."

Ndinati ndiyankhe kuti sindidziwa, koma ndinapezeka kuti ndikudziwa. Zaka zonse zija pakamwa pakulalata, maso anali kuona. Ndinagwada m'fumbi ndi msana wangawu, kuwasonyeza kukula kwake, poboola ndi mmene amakapindira kuti kagwire m'mbali. Dalaivala anali pahutala. Mafuta ophikira anali atakwezedwa kale m'chapa, ndipo Gilda anatsitsa botolo akung'ung'udza. A Amândio anapopa, tayala n'kuyamba kufufuma. Chotsala cha lamba anachikoleka panthambi, n'kumanga buluku ndi luzi.

Pamaliro misozi inandikanika. Inatulukira m'chapa, nditapanikizana ndi thumba la makala, ndipo Gilda anandisiya ndilire mpaka tinafika.