Dzanja la pakhonde la agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chaka chathu chachiwiri ku Leicester, pamene bambo ananditenga kukagula nandolo ku Belgrave Road. Ndinali mwana wosakhazikika, pakamwa ngati wailesi. Kusukulu aliyense anali atatopa ndi nkhani ya sitolo ya agogo anga ku Thyolo. Agogowo anakulira pa esiteti ya tiyi, ngati alendo panthaka ya makolo awo, choncho sitoloyo ndiyo inali ulemu wathu wonse. Bambo ankapirira mashifiti a kufakitale n'cholinga choti adzaikonze.

Mwini golosale, mmwenye wachikulire, anatimva tikuyankhula.

"Muli bwanji, achimwene? Kumudzi n'kuti?" anafunsa m'Chichewa chosalala.

Bambo atatchula dera, ine ndinalumphira osafunsidwa. Ndinafotokoza za malata ofiira, mitengo ya mango kuseri, ndi dzanja la mwana lodindidwa pasimenti ya pakhonde. Ndinkakonda kuikapo langa, ndili wotsimikiza kuti linali la bambo.

Mkuluyo anasiya kuyeza nandolo. Anayala dzanja lake lamanzere pakauntala, chala chaching'ono chili chopindika, monga momwe chinalili pasimenti paja.

"Boma litalamula kuti amwenye tichoke m'midzi, makiyi tinasiya pachitseko," anatero mopanda mkwiyo. "Mango aja akubalabe?"

"Akubala, bambo," anayankha bambo anga, maso ali pansi.

M'basi pobwerera kunyumba, bambo sindinawapatse mpata.

"Ndiye kuti agogo anaba?"

"Sanabe. Anapatsidwa."

"Anawapatsa ndani, poti sinali yake?"

"Iwe, fizi yanga ya kusukulu inachokera pakhonde pomwepo. Ngakhale tikiti imene inakubweretsa kuno."

Ndinakwiya, koma sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Mtima unali m'malere, ndipo kusukulu nkhani ya sitolo ndinaisiya.

Pa msinkhu umenewo ndinkaganiza kuti anthu ali pawiri, olandidwa ndi olanda, ndipo ife tinali kumbali yabwino. Lero ndikudziwa kuti munthu wolandidwa angathe kugonanso pamphasa ya mnzake wothamangitsidwa, tulo n'kubwera ndithu. Zimenezi zimandivutabe mumtima. Sitolo sitinabweze, ndipo mkuluyo sanaifunse.

Patapita zaka bambo anaikonzadi. Amisiri atafuna kuthira simenti yatsopano pakhonde, bambo anakana. Nditapita ndi ana anga kukaona kumudzi, wamng'ono anaika dzanja lake pamenepo n'kufunsa ngati linali la agogo ake. Bambo anandiyang'ana kaye, kenako anamuyankha okha.

"Ayi. Ndi la mwana amene analipo ife tisanabwere."