Wailesi ya m'chitini inalengeza maliro a mlongo wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi kufupi ndi Champiti kuno ku Ntcheu. Kulakwa kwanga ndi uku: ndinaona chitsiru chikunola mpeni, ine n'kumaseka kuti chikusewera. Chitsirucho chinali mwamuna wanga. Musafulumire kunditcha wamwano, imvani kaye.

Mayi anga aNangozo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala cha ku Champiti anatiuza momveka bwino kuti amwe mankhwala osadumphitsa, achepetse mchere, ndipo tisamawadzidzimutse ndi nkhani zoopsa. Pakhomo pathu aliyense ankadziwa zimenezi. Ngakhale mbuzi ikafa tinkayamba tawapatsa madzi akumwa, kenako n'kuwauza pang'onopang'ono. Mtima wawo wonse unali pa mlongo wanga Yohane, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amene ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni.

Mwamuna wanga anali mkamwini pamudzi pathu. Ankadzitcha injiniya chifukwa chodziwa kutsegula mafoni ndi mawailesi a anthu. Kutsegula ankadziwadi, kutseka ndiye kunkavuta. Kuseri kwa chitseko chathu kunali katoni yodzadza ndi mitembo ya mawailesi, eni ake anatopa n'kulondola. Munthu ameneyu khasu ankaliona ngati mdani, koma pakamwa pokha panali pothwa. Tsiku lina anaona pafoni kuti kunja kumagulitsidwa tizipangizo toti munthu n'kulumikiza yekha, n'kukhala ndi kanyumba kake koulutsira mawu. Kuyambira pamenepo mlamu wake sanapume. Foni iliyonse ya Yohane inkathera pa mawu a mwamuna wanga akuti, “Alamu, musaiwale katundu wanga uja.” Yohane anali munthu wosadziwa kukana, anagula.

Katunduyo anabwera m'kajumbo, atakakulunga pakati pa mabulangete amene Yohane anatumizira mayi. Nditasuzumira ndinaona kabolodi kobiriwira kochepa ngati bisiketi, timawaya, ndi tizitsulo tamiyendo iwiri tonga mikanda, tina tamizeremizere. Munalinso pepala la Chingerezi losonyeza pamene kachitsulo kalikonse kayenera kukhala. Ndinafunsa kuti, wailesi yake ndi imeneyi? Anandiyankha kuti nzeru za amayi zimathera pa mafuwa.

Inali nthawi yopalira. Anthu onse ali kumunda, injiniya ali pakhonde, atayala mphasa yanga yatsopano, tizitsulo atatindandalika m'mbale zanga zodyera. Kwathu kulibe magetsi, choncho chowotcherera chake chinali msomali waukulu woukhomera pa kamtengo, n'kumautenthetsa pa mbaula yanga ndi makala anga. Ankalowetsa miyendo ya kachitsulo m'timabowo ta bolodi, n'kusungunulira mtovu kuseri kwake, lilime lili panja. Waya wa kopa anaukulunga pa pensulo ya mwana wathu mpaka unaoneka ngati sipuling'i. Munthu ukadutsa pafupi, ankakalipa kuti ukubweretsa fumbi. Tsiku loyamba kuyesa analumikiza batire motembenuza. Kachitsulo kena kanalira kuti phu! n'kutulutsa utsi wonunkha. Mlandu unagwera ine, ati ndinamulankhulitsa. Anafufuza m'katoni ya mitembo ija mpaka anapeza kofanana nako, n'kuyambiranso. Udzu m'munda mwathu unali utafika m'mawondo.

Atamaliza anaika kabolodiko m'chitini cha mabisiketi, naboola pambali potulukira mawaya. Mlongoti wake unali nsungwi yaitali yomangirira ku mtengo wa mapeyala. Batire anatenga ya sola imene tinkaunikira m'nyumba. Kenako anandituma kuti ndinyamule kawailesi ka mayi, ndiziyenda m'njira, iye azilankhula, ndione pamene mawu akuthera. Ndinayenda ngati wamisala, wailesi ili kukhutu, iye akukuwa kuti, “Halo, halo, mukundimva?” Chakumunsi mawu ankathera padambo. Chakumtunda ankafika kutchalitchi ndi pagolosale. Kuseri kwa kaphiri kunkangomveka phokoso la mvula. Tambala wathu ankamveka kutali kuposa pamenepo.

Koma ndisaname. Nditamva mawu ake akutuluka m'wailesi koyamba, ndinaseka ndi chimwemwe, ndinaombanso m'manja ndekha panjira. Ndinati mwina mwamuna wanga wapanga chinthu chimodzi chotheka pamoyo wake. Mphunzitsi wina anamuchenjeza kuti kuulutsa mawu kumafuna chilolezo cha boma, iye anayankha kuti boma lilibe nthawi ya zitini. Ine ndinangoti, asiyeni, bola akukhala pakhomo osati kumowa.

Inu owerenga, palibe choledzeretsa ngati kuyamikiridwa ndi anthu osowa chochita. Anzake a pabawo anayamba kumutcha bwana mkubwa wa siteshoni. Ankaika nyimbo za m'foni, ankapereka moni kwa aliyense womupatsa chinangwa chootcha, ankalengeza za nkhuku zosowa ndi misonkhano ya kumjigo. Anasintha ndi kalankhulidwe komwe, mawu ankawatulutsira m'mphuno. Chimene ankachifuna kwambiri chinali kukhala woyamba kunena nkhani. Mnzake akamuuza kanthu, ankasiya chakudya n'kuthamangira kuchitini. Kawailesi ka mayi anakachuna yekha pa siteshoni yake, n'kumata kotembenuzira ndi selotepi kuti apongozi ake asamasochere. Mayi ankamvera tsiku lililonse. Ankati akumvera mphatso ya mwana wawo.

Tsiku lake linali la nthawi yokolola. Kutangocha, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, foni yanga inalira. Anali mnzake wa Yohane wa ku Joni. Anati khoma lina lagwa pantchito, ndipo Yohane watisiya asanafike naye kuchipatala. Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe, chifukwa mayi anali atakhala pafupi ndi nkhokwe, akutonola chimanga, kawailesi kali pambali pawo. Mwamuna wanga anaona nkhope yanga, anabwera, ndinamunong'oneza.

Ndinati, “Bambo a Mphatso, chonde musatsegule pakamwa. Ine ndikupita kwa amalume. Mayi asamve kanthu mpaka tibwere, inu muziwayang'anira.”

Anati, “Iwe, ukundiona ngati mwana?”

Uthenga wa maliro kwathu kuno sauthamangitsa. Amayamba amva ndi mwini mbumba, iye n'kudziwitsa amfumu, kenako n'kutenga amayi achikulire kupita nawo kwa wofedwayo. Akafika amakhala pansi, amapereka moni, amafunsa za m'thupi. Amayamba ndi kuti mwana uja kumene aliko sali bwino. Mayi wina amakhala atasendera kale kumbuyo kwa wofedwayo, manja ali chire. Ine ndili mtsikana ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake, ndipo ndinathamanga kudutsa dambo kuti zonse zichitike mwa dongosolo lake.

Amalume atamva anavala jekete. Anatuma munthu kwa amfumu, naitana amayi awiri a mvano amene anakula limodzi ndi mayi. Mmodzi anakumbutsa kuti tikangofika, wina ayambe wawamwetsa mankhwala awo. Tinanyamuka pamzere, amalume patsogolo, osathamanga, kuopa kuti anthu angadabwe.

Titawoloka dambo tinadutsa pakhomo pena pamene mayi wina ankasinja, wailesi ili pawindo. Munkamveka nyimbo ya maliro. Nyimboyo inadulidwa, ndipo ndinamva mawu a m'mphuno aja: “Omvera athu okondedwa, tikubwerezanso nkhani imene yangotipeza kumene. Siteshoni yanu ino ndi yoyamba kukudziwitsani kuti bambo Yohane, mwana wa aNangozo, amwalira ku Joni khoma litawagwera.”

Tikubwerezanso! Ndiye kuti anali atanena kale.

Ndinataya masilipasi n'kuthamanga. Mayi ndinawapeza atagwa chammbali pa mulu wa zitsononkho, lichero litagudubuka, chimanga chili mbwee, nkhuku zikujompha. Pakamwa pawo panali patapotoka, diso limodzi likundiyang'ana. Kawailesi kanali kakulankhulabe pambali pawo. Mwamuna amene ndinamusiyira kuti awayang'anire anali m'nyumba, chitseko chotseka kuti phokoso lisalowe m'siteshoni, akuuza omvera kuti mwambo wa maliro awadziwitsa bwino lino. Pakati pa iye ndi apongozi ake panali khoma limodzi lokha.

Tinawanyamula kupita ku Champiti, kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu kuboma. Anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, ndipo lilime silinabwererenso. Ndili pakhonde la chipatala, maso atatupa, ndinamva mwamuna wanga akufunsa mnansi wathu amene anatiperekeza, monong'ona, kuti, “Kodi kwanu kuja zimamveka bwinobwino, kapena zimadukaduka?” Inu owerenga, chikondi chimene chinatsala mwa ine chinathera pakhonde pomwepo. Sindinakwiye n'komwe. Ndinangomuyang'ana ngati mmene umayang'anira chinthu chimene waponda kuseri kwa khola.

Thupi la Yohane linafika mayi akadali m'chipatala. Anaikidwa m'manda mayi ake osamuona, osamulira pabwalo, osaponya ndi dothi lomwe. Atatuluka m'chipatala, amalume anati mlongo wawo sanauzidwe maliro, anangogendedwa nawo. Anatenga amayi a mvano aja, nabwera pamzere monga poyamba. Anakhala pansi pamphasa, anapereka moni, wina anasendera kumbuyo kwa mayi. Amalume anati, “Achemwali, tabwera ndi mawu. Mwana uja kumene anali sanali bwino.” Mayi anawagwira jekete ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri. Kulira kwawo kunalibe mawu. Ine sindinapirire, ndinatuluka.

Ankhoswe atakhala pansi, injiniya anadziteteza ngati loya. Anati mawailesi akuluakulu amalengeza maliro tsiku lililonse, palibe amawaimba mlandu. Anati ankayesa kuti mayi apita kudimba, chikhalirecho anawadutsa pankhokwe polowa m'nyumba. Anati dziko lasintha, zoyenda pamzere ndi zachikale. Pomaliza anati mwini wake Yohane ndiye anatumiza makinawo, akanakondwa kumva dzina lake likutchulidwa. Apo ngakhale nkhoswe yake inaweramitsa mutu. Amalume anangomufunsa kuti, kodi mkamwini analengezapo liti maliro a mbumba ya eni? Anzake a pabawo amene ankamutcha bwana mkubwa panalibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzamuimira.

Ndinauza ankhoswe kuti banja latha, amusudzule. Potuluka sanafunse za ana, sanalowe kukatsanzika mayi. Anafunsa ngati angatenge batire. Ndinati batire ndi ya nyumba ino, atenge chitini chake. Anakwera mumtengo wa mapeyala kukamasula nsungwi, anthu akuonerera, n'kunyamuka nayo paphewa. Ndimamva kuti kumene ali akufunafuna mlongoti wautali kuposa uja.

Lero mayi ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawatulutsa padzuwa. Akafuna kanthu amagogoda pansi ndi dzanja. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Choseweretsa chinali cha mkamwini, wogona chagada ndi mayi anga.

Ine sindikudana ndi luso. Mwana wanu akamalumikiza mawaya mpaka chitini n'kulankhula, muyamikireni, mwina ndiye adzakuthandizeni. Koma yang'anani munthuyo musanayang'ane chipangizocho. Wina akakhala wosasunga pakamwa, chinthu chokweza mawu sichimupatsa nzeru, chimangofikitsa uchitsiru wake kumakomo ambiri. Ine ndinkamudziwa bwino mwamuna wanga. Ndikanazula waya umodzi wokha pa batire ndisanathamangire kwa amalume, kapena ndikanatenga kawailesi ka mayi m'manja, bwenzi lero tikucheza nawo. Chimenechi chimandidya tsiku lililonse.

Ndipo si zitini zokha. Ambiri a inu muli ndi siteshoni m'thumba. Munthu akangotsirizika, thupi lisanazizire, mwajambula kale chithunzi, mwatumiza m'magulu a pafoni, mukupikisana kuti woyamba ndani. Woyamba kuti mulandire chiyani? Mukufulumira chonchi, mwafunsa ngati mayi ake a malemuyo amva? Mukakhala ndi uthenga wolemera, ikani foni m'thumba, pitani ndi miyendo yanu, mukakhale pansi pafupi ndi munthuyo kuti akamagwa agwere pa inu. Mayi anga anagwera pa zitsononkho, ali okha.