Nsangu za m'munda wa eni

A Loyce anabadwira ku Kasinje, kuminda ya mpunga, koma ku Kandeu anabwera pa chitengwa. Amuna awo atamwalira, abale a malemuwo anatenga munda. A Loyce anatsala ndi nyumba, khasu ndi ana awiri, Tisunge ndi m'bale wake.

Anapita kukagwada kwa a Duncan, bambo wachikulire amene ana ake onse ali ku Lilongwe, kuti awabwereke munda wakumtunda pa lendi. Anagwirizana pakamwa, pakhonde, popanda cholemba. Mundawo unali woguga, wodzaza kaufiti, ndipo pakati pake madzi anali atakumba chigwembe.

Zaka zitatu a Loyce anasenza manyowa m'beseni kuchokera m'makola a anthu. Anatuta miyala kutseka chigwembe chija, anadzala udzu wa vetiva woteteza nthaka, anazula kaufiti asanachite maluwa. Palibe anawatuma, palibenso anawafunsa za msana wawo. Chaka chachitatu alangizi a zaulimi anagawa mbande za nsangu, mitengo yobwezera chonde m'nthaka. A Loyce anatenga zisanu n'kukadzala. Mundawo unali utawalowa m'manja moti anaiwala kuti ndi wa eni.

Mu Febuluwale, chimanga chitabereka, mnzawo woyandikana naye munda, a Janeti, anawapeza akutchingira mbandezo ndi minga.

"Amake Tisunge, mwadzala mitengo muno? A Duncan akudziwa?"

"Ndi ya chonde chabe."

"Chonde mukuchidziwa ndinu. Eni ake aona ngati mukuika chizindikiro choti malo ndi anu. Mwaiwala mai uja anamuchotsa m'munda wa lendi chaka chatha chimanga chili chiimire?"

Tsiku lomwelo uthenga unafika: a Duncan akufuna akumane nawo kumunda Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

Masiku anayi amenewo a Loyce sanadye bwino. Ankayenda m'mizere akugwiragwira zisononkho zosakhwima, akudzifunsa kuti akawachotsa lero ana adya chiyani mpaka chaka chamawa. Akadandaule kuti? Aonetse chiyani, pamene anapangana pakamwa? Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, analunjika kumunda.

A Duncan anafika ndi ndodo yawo, a Janeti ali pambuyo. Anaima nthawi yaitali pamene panali chigwembe paja, akugogoda miyala ndi ndodoyo. A Loyce anagwada mumzere.

"Bambo, ndinalakwa. Ndizula lero lomwe."

"Ana anga andisowetsa mtendere pafoni," anatero a Duncan. "Akuti ine ndikadzafa, inu mudzati munda ndi wanu, mboni zanu ndi mitengoyi. Akuti ndikuchotseni sabata ino."

A Loyce anagwira mbande yoyandikira kuti ayambe kuzula.

"Isiyeni. Mtengo walakwa chiyani? Koma tilembe kuti mitengoyi ndi yanga, ndipo munda ndi wanga."

Anatulutsa pepala la mukope ndi bolopeni n'kupatsa a Janeti kuti alembe. A Loyce anaona kuti akakhala chete, pepalalo liteteza mbali imodzi yokha. Analankhula, maso ali pansi.

"Bambo, ngati n'kotheka, mulembenso kuti simundichotsa mbewu zili m'munda. Mukafuna munda wanu, mundiuze ndikangokolola, ndisanagalauze."

A Duncan anawayang'ana. "Amake Tisunge, kodi munaphunzira zamalamulo?"

"Iyayi bambo. Ndi mantha chabe."

Mkuluyo anaseka pang'ono, kenako anauza a Janeti kuti alembe momwemo, n'kuonjezera kuti a Loyce alime zaka zina ziwiri. Analemba mapepala awiri, onse atatu n'kusaina. Za manyowa, miyala ndi vetiva, pepalalo silinanene kanthu, ndipo a Loyce sanayerekeze kuzitchula.

Chimanga chija anakolola. Pepala lawo analikulunga m'jumbo ya shuga n'kuliika pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo ana a a Duncan akabwera pa Khirisimasi, a Loyce amakaliyang'ana ngati lilipo. Nsanguzo tsopano zafika m'chiuno. Mbuzi zikamasulidwa m'chilimwe, ndi a Loyce amene amakadula minga n'kuzitchingira, ngakhale akudziwa kuti zikadzayamba kugwetsa masamba a chonde, olima pansi pake mwina adzakhala ena.