Mlamba ulibe mlandu

Abale, tangotuluka kuchipatala ndi amayi.

Zotsatira za kachikopa anadula pamkono kaja zabwera. Zilonda zija si chipere, si khate. Adokotala akuti asilikali a m'thupi mwawo ndi amene akulimbana ndi khungu lawo lomwe. Ndi matenda osowa, koma sapatsirana. Awapatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, ndipo awaletsa kukhala padzuwa.

Funso la amayi linali limodzi basi: "Nanga mlamba ndidye?" Adokotala kuseka: "Idyani, mayi." Zaka ziwiri tikuwamana mlamba, ati umatulutsa zilonda! Panopa tili pamsika wa nsomba pa Chia, akusankha waukulu.

Koma mpunga wawo wacha, ndipo akuti mawa alowa okha m'munda. Ndani abwere kudzamweta? Yankhani inu munkawamana mlambanu.