Pampu ya a Eveles Yokana Kulawirira

A Eveles anakulira m'dimba. Makolo awo atabwera kuchokera ku Mozambique anapatsidwa kadambo m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe, ndipo kadambo komweko kadyetsa mibadwo itatu. Lamulo la m'dimba analidziwa asanayambe n'sukulu yomwe: mbewu imathiriridwa m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Wothirira masana amaphika mbewu yake. Pa chigwa chonsecho panalibe wotsutsa zimenezi.

Zaka makumi awiri mayiwa anasenza makheni, msana mpaka kuuma gwa! Kenako kunatulukira a Kaliati, bambo wa mainjini atatu opopera madzi. Ankabwereketsa kwa alimi, petulo wake n'kumagulitsanso iwo omwe m'mabotolo. Poyamba anthu anavina. Koma chaka chimene mafuta anavuta, eee, a Kaliati anayamba matama. Lero injini ili kwa uje, mawa petulo wakwera, mkuja "Dikirani mayi, si inu nokha."

Mwezi wa Okutobala, matimati a a Eveles atangochita maluwa, injini inatha masiku anayi osabwera. Masamba anayamba kufota. Mayi aja zinawakwana. Anagulitsa mbuzi zawo zonse zinayi, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, n'kubwerako ndi pampu ya sola, yoyendera dzuwa: magalasi awiri akuluakulu, kamakina kochepa ngati chibakera, ndi payipi yaitali.

Chimwemwe chake! Madzulo amenewo anazungulira mudzi wonse. "Mawa mulawirire kudimba kwanga, mudzaone madzi opanda petulo!"

Kutangocha anthu anali atadzaza kale m'mphepete mwa dimba, poti nthawi yothirira ndi imeneyo. A Kaliati nawonso anafika pa njinga yawo, kudzaona mpikisano. A Eveles anamanga chitenje m'chiuno, kuika kamakina m'madzi, kulumikiza mawaya monga anawaonetsera kusitolo, n'kudina batani. Zii. Anadinanso. Payipi inatsokomola kamodzi, n'kutulutsa timadontho tosakwana n'kusukusula komwe. Dzuwa linali lisanatuluke n'komwe kuseri kwa phiri.

"Mbuzi zinayi, mayi!" anatero a Kaliati, akupukuta misozi ya phwete. "Mukanangondipatsa ine, bwenzi nditakuthirirani mpaka Khirisimasi."

Anthu anabalalika akuseka. A Eveles manyazi anawagwira, mtima unawawa koopsa. Mbuzi zapita, matimati akufa. Anangosiya zonse zili chilumikizire, n'kupita kunyumba kukadzitsekera.

Dzuwa lili paliwombo, kunamveka kukuwa panjira. Anali a Fanny, mnzawo wa dimba loyandikana, akuthamanga mpango uli m'manja.

"Eveles! Tatuluka iwe! Chinthu chako chija chapenga!"

Atafika anapeza zoona. Payipi inali ikuvinavina yokha pansi, madzi akutuluka mwamphamvu, phwaa, kopanda utsi, kopanda phokoso. A Eveles analumpha ngati mtsikana, nthungululu ili pakamwa. Kenako anaima chilili. Mayo, ndi masana! Madziwo anali akulowera kumizere ya matimati, dothi likutentha ngati chiwaya.

"Andiphikira mbewu!" anakuwa. "Gwira uko, Fanny!"

Awiriwo anakoka payipi, akuterereka m'matope, osadziwa koitaya. Kumtunda kwa dimbalo kunali nkhuti, dzenje lalikulu limene malemu amuna awo a Eveles anakumbamo dothi la njerwa. Anaponya payipi m'menemo kuti madzi angowachokera. Atakhala pansi kuti apume, akuona nkhuti ikudzaza pang'onopang'ono, a Eveles anaomba m'manja.

"Fanny, taona! Pampuyi izitunga nthawi yake, ine ndizithirira nthawi yanga. Tavutiranji?"

Anathamangira makasu. Masana onsewo anakumba ngalande kuchokera pankhuti kukafika m'mizere, thukuta lili kamukamu, akuseka okhaokha ngati aledzera. Dzuwa litapendeka, a Eveles anakhapa khoma la nkhuti kamodzi. Madzi anatsetsereka okha, mzere ndi mzere, dothi likumwa mochita kumveka. Mayi aja ankangoyenda pambali manja ali kumbuyo, osasenza kanthu.

Mbiri inawanda. Sabata isanathe a Kaliati anatsitsa mtengo wa injini, koma petulo ndiye kunalibiretu, ndipo kabichi wawo yemwe anayamba kupsa. Tsiku lina madzulo anafika kudimba kuja akukankha njinga. Matimati anali atadzuka, obiriwira, tizipatso tayamba kale kulendewera. Bambo aja anayang'ana nkhuti yodzaza, kukhosomola, kuvula chipewa.

"Mayi, kodi madzi otsalawa mumatani nawo?"

A Eveles anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu obwezera anali nawo ambiri, ochita kuyabwa pakamwa. Koma anangotola khasu n'kuwapatsa.

"Dimba lanu lili kumunsi kwa langa, achimwene. Kumbani ngalande, dzuwa si langa ndekha."