Utsi pa Khoma la Mayi Tonegawa

Sadao Kuwabara anafika ku Tokyo kuchokera ku Niigata ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ntchito yake yoyamba inali yowaza nkhuni panyumba yosambiramo anthu ya banja la a Tonegawa. Kenaka anaphunzira kujambula pamakoma a nyumba zoterezi, ndipo anagwira ntchitoyo zaka makumi asanu. Sanatchuke. Ankafika m'mawa wa tsiku lotseka, kumanga nsanja, kupaka phiri la Fuji pamwamba pa Fuji wakale, madzulo n'kumapita. Malamulo a ntchitoyo ankawasunga, makamaka loti dzuwa lolowa silijambulidwa, poti limaitana kutha kwa malonda.

Phewa litayamba kumuvuta, anaitanidwa ndi mayi Tonegawa, mpongozi wa bwana wake wakale, amene tsopano anali wamasiye. Mwana wawo ankafuna kumata matailosi pakhoma lonse. Mayiwo anapempha mwanayo kuti khomalo lijambulidwe kamodzinso, koma osati Fuji: ankafuna msewu wawo momwe unalili nyumba zitalizitali zisanabwere. Mwanayo anavomera, koma anati chithunzi chikalakwika, matailosi abwera sabata yomweyo. Kuwabara anadziwa kuti limeneli ndi khoma lake lotsiriza.

Tsiku lojambulalo, dzuwa litapendeka, mayiwo analowa ndi tiyi, naima. Msewu unalipo pakhomapo, ndi mawaya ake amagetsi, koma kumapeto kwake thambo linali lofiira.

"A Sada, kodi mwakalamba mpaka m'mutu? Mukufuna kunditsekera nyumba?"

Kuwabara sanatsike pansanja. Anawafunsa kuti sitolo ya tofu, chakudya cha soya, ili mbali iti pachithunzipo. Anati kumanja. Nanga akaima pakhomo pawo kuyang'ana kusiteshoni, kumene dzuwa limalowera, inkakhala mbali iti? Mayiwo anaganiza pang'ono, nati kumanzere.

Apo anafotokoza mwachidule. Iwo anazolowera kuuona msewuwo ali pakhomo. Iye anauona koyamba ataima pasiteshoni, atangotsika sitima, katundu ali kumsana, dzuwa likutuluka. Ndi momwemo anaujambulira. Anawalozera njinga ya wogawa nyuzipepala za m'mawa, ndi chumuni cha nyumba yawo chimene chinalibe utsi, poti moto amasonkha masana.

Mayiwo anayang'anitsitsa chumunicho.

"Ndiye mwandichotsera dzuwa lolowa n'kundipatsa ng'anjo yozima. Mwana wanga akaona chumuni chozizira, matailosi abwera mawa lomwe."

Kuwabara anaona vutolo. Akaika utsi, aliyense adzati ndi madzulo. Akausiya, ndi nyumba yotsekedwa. Kenaka anakumbukira tsiku lachiwiri la chaka, limene madzi amatenthetsa mbandakucha kuti anthu asambe m'mawa. Chaka chake choyamba anawazira nkhuni tsikulo manja atang'ambika ndi chisanu. Anatenga burashi yaing'ono, nakoka utsi woonda, naika nthambi za paini za chaka chatsopano pakhomo lililonse.

Mwanayo atabwera, anaona painiyo, nati tsiku limenelo ndi limene anthu amadzaza kwambiri. Za matailosi sananene kanthu.

Mayiwo anafunsa ngati kamunthu kapafupi ndi siteshoni, konyamula katundu kumsana, kanali iye. Kuwabara anati pamalopo panali mpata wofunika kutseka, napitiriza kutsuka maburashi ake.