Tinavinira Usipa ku Nkope

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chotola. Bambo a ana anga atapita ku Joni n'kungoti zii, ndinatsala ku Nkope ndi ana atatu, opanda munda, opanda bwato. M'mawa ndinkapita kudoko kukatola usipa wogwa pansi pa mathandala, aja a bango oyanikapo nsomba. Tsiku lina mwini mathandalawo, Abiti Saidi, anandipezerera ndili chogwada.

"Amai, mukulimbirana ndi nkhuku zanga?" anatero. "Dzukani mugwire dengu ili. Wogwa pansi ukhala wanu, nkhuku zikadandaule kwa Shehe."

Basi, ntchito n'kuyambika.

Ntchito yake inali yofutsa. Usipa ukatsika m'bwato, umautsuka, n'kuuthira m'dengu. Mgolo wodula pakati uli pamoto, madzi amchere akubwata. Umamiza dengulo pang'ono chabe, usipa ukangoyera maso, wavuula. Ukachedwa waphika phala. Kenaka umaumwaza pathandala mopyapyala, n'kumautembenuza ndi manja mpaka uume gwa. Abiti ankati, "Usipa ndi khanda, sufuna kuusiya wokha."

Ndalama sindinkaiona kawirikawiri. Malipiro anga anali wogwa uja, wodukaduka mitu, ndi madzi otsala mumgolo. Madzi amenewo musawanyoze. Ndinkawatunga m'chitini, kunyumba n'kuponyamo masamba a chinangwa, ana n'kudya ngati kwabwera alendo. Wodukawo ndinkasinthitsa ndi ufa kwa akazi a aphunzitsi. Sopo tinkachita kudula ndi ulusi.

Tsiku lovuta linafika mvula itayandikira. Mabwato anabwera odzaza, ndipo Abiti anagula ndi zonse anali nazo, mpaka anapinyolitsa ndolo zawo. Tinafutsa, tinayanika, mathandala onse mbuu. Dzuwa lili pamutu, anatulukira anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, wamkulu wawo Che Amidu.

"Amai nonse kubwalo la sukulu! Kukubwera alendo a boma sabata yamawa, mukakonzekere magule."

Masiku amenewo sunkati ndili ndi ntchito. Wokana ankapita kumene sitinkafunsa. Tinamanga nsalu za chipani pamwamba pa zathu, ulendo.

Tavina, tavina, kenaka mphepo inatembenuka. Kuyang'ana kumpoto, mtambo bii. Usipa wofutsa ukanyowa suuma ayi, umachita nkhungu, ngakhale galu amaudutsa. Ine mtima unali pa chitini changa: Abiti akagwa, ana anga adya chiyani? Amai tonse miyendo ikuvina, maso ali kudoko. Koma ndani achoke pamzere Che Amidu atagwira chikwapu?

Wotsogolera nyimbo anali Abiti omwewo. Ndinangoona akweza mawu, nyimbo yotamanda mwini dziko, n'kuyamba kuvina chotuluka m'bwalo. Anandikodola ndi diso. Ine pambuyo pawo, ena pambuyo panga, a ng'oma nawonso anyamula ng'oma zawo.

"Abiti, mukupita kuti?" Che Amidu anakuwa.

"Mwanangu, alendo sitikawalandirira panjira? Tikuyeserera kuyenda kwake. Kapena ukuti nyimbo ya mwini dziko tiidule pakati?"

Aletse nyimboyo ndani? Mnyamata uja anatitsatira, mpaka naye kumawomba m'manja.

Mzere unatsetsereka mpaka kudoko, n'kuzungulira mathandala. Chiuno chikugwedezeka, pakamwa nyimbo, manja akukokolola usipa kuthira m'madengu. Madengu atadzaza tinavula mipango kumutu. Nsalu ya chipani yokha sitinayerekeze kuikamo nsomba, inali ndi nkhope ya eni ake. Aliyense ankawola thandala limene wafikapo, osafunsa kuti n'la yani. Madontho oyamba anatipeza tikulowetsa dengu lomaliza m'shedi, nyimbo isanaduke.

Che Amidu anaima pakhomo, malaya ali chonyowa. Abiti anamutapira usipa m'pepala.

"Ukapatse mai ako. Wavina bwino lero."

Analandira ndi manja awiri.

Madzulo ake Abiti anandipatsa lichero lodzaza usipa, wamitu yake, osati wogwa. Mwana wanga wamkulu atauona anafunsa ngati bambo ake abwera.

Ndinafutsa usipa mpaka ana onse anakula, ndipo chimene ndinatola kwa Abiti ndi ichi: wosauka alibe pakamwa pokanira. Akakuuza vina, vina ndithu, koma mapazi aziloza kumene kuli chakudya cha ana ako.